Magetsi akathima masiku atatu chifukwa cha namondwe: tikonze chiyani pakhomo?

Mayi Nachisale: Akuluakulu, mitambo yayamba kuda, ndiye ndati ndiyambitse nkhaniyi tisanayambe kuthamangathamanga. Kuthimathima kwa maola anayi kapena asanu tinakuzolowera. Koma kuthima kobwera ndi namondwe ndi nkhani ina. Namondwe Ana atawomba pa 24 Januwale 2022 anawononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, ndipo makinawo sanabwerere mpaka 2023. Namondwe Freddy mu Marichi 2023 anagwetsa mapolo, zinyalala ndi matope n'kudzaza polowera madzi ku Nkula ndi Tedzani. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ndiye mtsinjewo ukasefukira mdima umafika ngakhale kumadera kumene namondweyo sanafike. Funso langa ndi ili: banja la anthu asanu likonze chiyani kuti lidutse masiku atatu opanda magetsi, kunja mvula ikukhuthuka?

Bambo Chirwa: Zikomo mayi poyambitsa. Musanalowe m'nkhani za mabatire, yambani ndi madzi. M'tauni magetsi akathima mpopi umatsatira pambuyo. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, kukwera mtunda wonsewo kudzera ku Chileka, ndipo mapampu amenewo amadya magetsi oopsa. Akaima, okhala kumtunda ndiwo amayamba kuuma. Werengerani malita 15 mpaka 20 pa munthu patsiku, kumwa, kuphika ndi kusamba m'manja. Anthu asanu masiku atatu ndi malita 300. Amenewo ndi mgolo umodzi wa malita 200 ndi zigubu zisanu za malita 20. Zigubu zikhale za akumwa okha, zotseka pakamwa, mgolo wa ntchito zina. Akuchimbudzi musawononge a mumpopi, tcherani ndowa pansi pa malata.

Chisomo: Bambo, nanga a padenga omwewo sitingamwe? Mvula ikhala ili mbwee.

Bambo Chirwa: Mungamwe, koma osati oyamba. Lolani mvula itsuke kaye denga mphindi 15 kapena 20, chifukwa pamalata pamakhala fumbi, ndowe za mbalame ndi za abuluzi. Otsatirawo tcherani m'ndowa yoyera, kenako muwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena muthire WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Madzi a matope klorini sagwira bwino. Asiyeni adikhe, muwasefe pansalu yoyera, ndiye muthire mankhwala. Zitsime zosaya nthawi ya madzi osefukira zimasakanikirana ndi zam'chimbudzi, ndipo Freddy anapeza kolera ili kale mkati mwa dziko. Mjigo womwe wamizidwa ndi madzi musaukhulupirire.

Mayi Nankhoma: Ndiwonjezere pomwepo. Mapaketi a Thanzi ORS akhalepo, asanu kapena kuposa. Akatha, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, ndiye yezani, osangotapa ndi zala.

A Kumwenda: Tsopano za mabatire, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Anthu amagula batire asanawerenge zomwe akufuna kuyatsa. Chitani masamu awa pa pepala. Mababu anayi a LED a mawati 7, maola asanu: 140Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Mafoni anayi, iliyonse pafupifupi 15Wh: 60Wh. Wailesi kapena router ya mawati 10, maola asanu ndi limodzi: 60Wh. TV ya mainchesi 32, mawati 50, maola atatu: 150Wh. Zonse 410Wh patsiku. Batire ya 12V 100Ah papepala ili ndi 1200Wh, koma ya asidi kapena ya gel simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye zanu ndi 600Wh. Inverter, yomwe imasintha magetsi a batire kukhala ngati a m'masoketi a nyumba, imadyako pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, mwatsala ndi 500Wh. Ndiye batire imeneyi ndi ya tsiku limodzi basi. Mukachotsa TV imakufikitsani masiku awiri.

Chisomo: Iii, 100Ah tsiku limodzi? Ogulitsa amati imayendetsa nyumba yonse.

A Kumwenda: Amanena zimenezo chifukwa amawerengera kuthima kwa maola anayi, magetsi n'kubwera kudzaitchaja. Ndipo pali mbava ina yomwe satchula. Inverter ikangoyaka, ngakhale osalumikizako kanthu, imadya mawati 10 mpaka 25. Muchulukitse ndi maola 24, ndi 240Wh kapena kuposa, theka la batire yanu lapita popanda babu ndi limodzi lomwe kuyaka. Masana izimitseni. Kuposa apo gulani mababu a 12V olumikiza mwachindunji kubatire, ndi kasoketi ka USB ka 12V kotchajira mafoni. Mukatero inverter simuifunanso pa zowunikira, ndipo batire yomweyo imakwanitsa masiku atatu.

A Mbewe: Ndikugwirizana nawo a Kumwenda, koma pa waya ndikhwimitse. Inverter ya 1000W pa 12V ikamagwira ntchito mokwana imakoka ma amp pafupifupi 100. Waya wa 2.5mm wa m'masoketi sungapirire, umatentha mpaka chikopa kusungunuka. Pamafunika 25mm kapena 35mm, waufupi, osapitirira mita imodzi ndi theka, ndi fyuzi pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire. Fyuzi imeneyo ndi yoteteza nyumba. Waya ukakhudzana popanda fyuzi, batire imatulutsa ma amp mazana ambiri, waya n'kusanduka chikuni. Zomangira pamitu ya batire zikhale zothina ndi sipanala, osati waya wongopiringiza. Polumikiza polobodoka ndi pamene moto umayambira.

Mayi Nachisale: Nanga sola? Ambiri akuganiza kuti ali ndi panelo padenga ndiye atha nazo.

A Kumwenda: Apa ndi pamene namondwe amasiyana ndi kuthima wamba. Panelo ya 200W dzuwa likuswa mtengo imapereka 700 mpaka 800Wh patsiku. Pansi pa mitambo yakuda ya namondwe imapereka gawo limodzi mwa magawo khumi, mwina awiri, ndiye 80 mpaka 150Wh. Zimenezo ndi za mafoni ndi babu limodzi. Sola imakusiyani pa nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Chofunika ndi kulowa mu namondwe batire ili yodzaza. A nthambi yoona zanyengo amachenjeza masiku awiri kapena atatu namondwe asanafike. Mukangomva, tchajani ndi magetsi a ESCOM akadalipo. Chaja ya ma amp 10 pa batire ya 100Ah yomwe ili theka imafuna maola 7 kapena 8, ndiye osadikira madzulo omaliza. Yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, batire itapuma ola limodzi: 12.7V yadzaza, 12.2V ili theka ndipo muime pomwepo, pansi pa 12V mukuipha. Batire ya asidi ikagona yophwa masiku angapo, mapuleti amachita nkhungu yoyera yolimba ndipo siidzasunganso moto ngati kale. Ya lithium ya LiFePO4 mutha kuitsitsa mpaka 80 kapena 90 pa 100, ndi yodula pogula koma 100Ah yake ndi pafupifupi ziwiri za asidi.

A Kumwenda: Ndaiwala chimodzi. Polumikiza charge controller, kabokosi kokhala pakati pa panelo ndi batire, batire iyambe, panelo pambuyo. Pochotsa, panelo iyambe. Mukasemphanitsa, controller ina imapsa. Komanso kwerani padenga mphepo isanayambe muone zomangira. Panelo yongopanikiza ndi njerwa imauluka limodzi ndi lata.

Achimwene Jere: Batire ya galimoto anthu amaifunsa kwambiri. Pangozi imathandiza usiku umodzi, koma siinapangidwire zimenezo. Ntchito yake ndi kulizira injini masekondi ochepa. Mukaiphwetsa kakhumi yatha. Ya pakhomo ikhale ya deep cycle, yopangidwira kutsitsidwa ndi kutchajidwa mobwerezabwereza. Ndipo ngati ndi yothira madzi, muzithira distilled water okha, osati a mumpopi, osatinso asidi. Potchaja imatulutsa mpweya woyaka, ndiye isakhale kuchipinda chogona kapena pafupi ndi kandulo.

Chisomo: Kwa amene sangakwanitse batire ndi inverter, chochepetsetsa ndi chiyani?

A Kumwenda: Power bank ya 20,000mAh, tochi ziwiri, nyale ya sola yaing'ono, ndi wailesi ya mabatire. Power bank imeneyo ili ndi 74Wh, koma zofika mufoni ndi pafupifupi 45 mpaka 50Wh, ndiye imadzaza foni katatu, osati kasanu monga ena amaganizira. Ikakhala yopepuka ngati bokosi la machesi koma yalembedwa 50,000mAh, ndi bodza, mphamvu imalemera. Foni izimitseni data, chepetsani kuwala, ndipo netiweki ikasowa ikeni pa flight mode, chifukwa foni yosakasaka netiweki imatha msanga kuposa yomwe mukuyimbira. Kafoni kamabatani kamakhala masiku anayi kapena asanu, nkoyenera kukhala nako mudirowa.

Mayi Nachisale: Pa netiweki ndiikepo langa. Nsanja za mafoni zili ndi mabatire ndi majenereta, koma misewu ikaduka dizilo safika ndipo zimathima. Zikatero Airtel Money ndi Mpamba zaima, ma ATM nawonso. Sungani ndalama zogwirika za masiku atatu kapena anayi, zikhale zing'onozing'ono, ma K500, K1000 ndi K2000, chifukwa wogulitsa tomato sadzakhala ndi chenji. Mayunitsi gulanitu n'kulowetsa mumita, kuti magetsi akabwera musapezeke muli pa ziro netiweki kulibe. Amene muli ndi mita ya papolo yokhala ndi kakiyipadi ka m'nyumba, onani mabatire ake.

Mayi Nankhoma: Ndipo ufa! Chigayo chimayendera magetsi omwewo. Chimanga chili m'thumba si nsima. Gayitsanitu wa sabata ziwiri, muuyanike uume bwino, chifukwa ufa wonyowa m'nyengo ya chinyezi umachita nkhungu ndi kununkha m'masiku ochepa. Thumba likhale pathabwa kapena panjerwa, osati pasimenti. Ndiwo sankhani zosachedwa kupsa: usipa, matemba, soya pieces, mazira, mfutso, nsinjiro. Nyemba ndi zabwino koma zimatha makala, pokhapokha mutaziviika usiku wonse.

Achimwene Jere: Makalawo alowe m'nyumba mvula isanayambe, limodzi ndi machesi m'botolo lotseka. Koma kuphika ndi mbaula m'nyumba yotseka ayi. Ndikudziwa kuti kunja kukuwomba chimphepo aliyense amafuna kulowetsa mbaula, komatu makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yotsekula zenera ndi chitseko, ndipo pogona mbaula ituluke, ngakhale makala akuoneka ngati azima.

Mayi Nankhoma: Zizindikiro zake anthu amazisokoneza ndi malungo: mutu waukulu, chizungulire, nseru, kufooka. Chosiyanitsa ndi chakuti zimagwira onse a m'chipinda chimodzi nthawi imodzi, ana n'kuyamba. Mukaona choncho tsekulani zitseko, tulutsani aliyense panja, ndipo amene wakomoka kapena akusokonezeka athamangire naye kuchipatala. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu.

Achimwene Jere: Jenereta ndi chimodzimodzi, koma yoopsa kuposa mbaula. Ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pazenera ndi pakhomo, paipi ya utsi italoza kwina. Osati m'garaja, osati m'kolido, ngakhale chitseko chili chotsekula. Vuto ndi mvula, ndiye konzanitu kashedi ka denga lokha kopanda makoma, jenereta ikhale pamalo okwera osafika madzi. Akuba mukuwaopa, mangani ndi tcheni, osailowetsa ikulira. Ya 2.5kVA imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Musaiyendetse tsiku lonse. Maola awiri m'mawa, awiri madzulo, furiji izizire ndi mabatire atchaje, ndi malita anayi patsiku, masiku atatu malita 12. Petulo akakhala miyezi ingapo amauma m'kabureta n'kutseka timabowo ta jet, n'chifukwa chake jenereta yogona chaka imakana kulira tsiku lomwe mwaifuna. Muziiliza mphindi 15 mwezi uliwonse, pozimitsa mutseke kampopi ka mafuta izime yokha kabureta itauma. Oyilo woyamba sinthani pa maola 20, kenako pa maola 50 mpaka 100 alionse. Pothira petulo izime kaye izizire.

A Mbewe: Achimwene, chachikulu pa jenereta ndinene ine, chifukwa chimapha anthu omwe alibe nawo mbali. Waya wokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, umodzi kujenereta wina m'soketi ya pakhoma, musayerekeze. Mukaiwala kutsitsa main switch, magetsi anu amabwerera kupolo, amadutsa mu thiransifoma cham'mbuyo n'kukwera kufika 11,000V pa waya womwe amisiri a ESCOM akuugwira podziwa kuti ndi wakufa. Ndipo magetsi akabwera mwadzidzidzi jenereta yanu imapsa. Njira ndi ziwiri zokha: changeover switch (swichi yosankha pakati pa magetsi a ESCOM ndi a jenereta) yoikidwa ndi mmisiri wa chiphaso, kapena extension yochokera kujenereta kupita ku zipangizo mwachindunji osakhudza mawaya a nyumba. Inverter yolumikiza ku DB board, bokosi lomwe muli main switch, lamulo lake ndi lomweli.

Chisomo: Ndiye furiji tiiyendetse ndi batire ija kapena?

A Kumwenda: Iwalani. Furiji wamba imadya 1000 mpaka 1500Wh patsiku, batire ya 100Ah siifikitsa ndi theka la tsiku. Komanso compressor, injini ya furiji, poyamba imakoka kasanu kapena kuposa mphamvu yake yoyendera, ndipo inverter zotchipa za modified sine wave zimaitenthetsa. Furiji ithandizeni ndi madzi oundana, osati batire.

Mayi Nankhoma: Ndi momwemo. Chenjezo likangotuluka, dzazani mabotolo apulasitiki a malita awiri mpaka magawo atatu mwa anayi, muike mu freezer aundane. Furiji yosatsekulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi okha. Freezer yodzaza imafika maola 48, ya theka maola 24. Magetsi akathima samutsirani mabotolo awiri kapena atatu pashelefu ya pamwamba ya furiji, ndipo ana auzeni chitseko chimenecho chatsekedwa. Ikaninso kapu ya madzi oundana mu freezer, pamwamba pake ndalama yachitsulo. Mukaipeza yamira pansi, zinthu zinasungunuka n'kuundananso, nyama imeneyo musaikhulupirire. Tsiku lachiwiri likafika magetsi osaoneka, nyama ndi nsomba musadikire kuti zinunkhe. Phikani, kapena dulani mizere yopyapyala, thirani mchere, wambani pamoto. Nyama yomwe ikadali ndi timiyala ta ayezi mkati ili bwino. Yofunda, yoterera, itayeni ngakhale mtima ukuwawa.

Mayi Nachisale: Mayi Nankhoma, a matenda a shuga obaya insulin atani?

Mayi Nankhoma: Botolo lomwe layamba kugwiritsidwa ntchito limakhala kunja kwa furiji mpaka masiku 28 bola lisatenthedwe, pamthunzi, kutali ndi moto ndi zenera. Osatsekula aike mu cooler box ndi botolo la ayezi, koma akulunge ndi nsalu asakhudzane, chifukwa insulin ikaundana yawonongeka. Ayezi akatha, mtsuko wadothi umathandiza: kamtsuko kakang'ono mkati mwa waukulu, pakati mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa, mankhwala m'kabotolo kotseka kuti asanyowe. M'nyengo ya chinyezi suziziritsa kwambiri ngati mu Okutobala, komabe ndi bwino kuposa pashelefu. Omwa ma ARV, a BP ndi a khunyu aone kuti ali ndi osachepera a sabata ziwiri, milatho ikaduka kuchipatala sikufikika. Mabuku a kuchipatala alowe m'jumbo yomanga pakamwa. Amene ali ndi wodwala wodalira makina a oxygen kunyumba, ameneyo asadalire batire, akambirane ndi achipatala namondwe asanafike.

Bambo Chirwa: Kandulo nayo tiitchule. Kandulo ndi neti ya udzudzu ndi adani. Ngati palibe tochi, iikeni m'chitini kapena m'mbale yachitsulo yokhala ndi mchenga, pansi, kutali ndi makatani, ndipo wamkulu aizimitse asanagone.

A Mbewe: Nditsirize za chitetezo cha magetsi enieniwo. Magetsi akangothima zulani mapulagi a furiji, TV, decoder ndi machaja, musiye babu limodzi loyatsa kuti mudziwe akabwera. Zipangizo zambiri sizipsa pothima, zimapsa pobwera. Akabwera dikirani mphindi 10 kapena 15 muone ngati akhazikika. Furiji ikhale ndi fridge guard, imadikira mphindi zitatu mpaka zisanu isanalole magetsi kudutsa. Chinthu choti muchidziwe bwino ndi kuduka kwa neutral, waya wobwezera magetsi. Mtengo ukagwera mawaya n'kudula neutral, nyumba zina zimalandira magetsi okwera kuyandikira 400V m'malo mwa 230V. Mudzaona mababu ena akuwala modabwitsa, kwa aneba akungoti phethiphethi ngati chiphaniphani. Mukaona zimenezo thamangirani kutsitsa main switch, osayamba kuzula mapulagi limodzilimodzi, ndipo muwadziwitse a ESCOM.

Chisomo: Nanga madzi akayamba kulowa m'nyumba?

A Mbewe: Tsitsani main switch madzi asanafike pamasoketi, manja ali ouma, mutaima pouma. Ngati pofika pa DB board muyenera kuponda m'madzi, isiyeni, tulukani. Kuti magetsi anathima kale si chifukwa, amatha kubwera nthawi iliyonse. Batire ndi inverter zikwezeni patebulo, ndipo kumbukirani kuti inverter imapereka 230V yomweyo yakupha ngakhale dziko lonse lili mumdima. Madzi akaphwera musayatse mpaka mmisiri atsekule masoketi, achotse matope, aumitse ndi kuyeza mawaya. Panja, waya wogwa muutenge ngati wamoyo, khalani mamita 10 kutali. Ana ndi ziweto zisayandikire, mpanda wawaya kapena chithaphwi chomwe wagweramo chimakhalanso ndi magetsi. Mukapezeka muli pafupi, chokani mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi, osatambasula miyendo. Munthu wogwidwa ndi waya wa papolo musamukoke, ngakhale ndi ndodo, chifukwa ndodo yonyowa imadutsa magetsi.

Achimwene Jere: Nthambi za mango ndi bulugama zomwe zaweramira waya wobwera kunyumba zionenitu pano kukadali bata. Zomwe zili patali ndi waya dulani nokha. Zokhudza waya kapena zoti pogwa zingaugwere, itanani eni mawaya adzazimitse kaye.

Mayi Nachisale: A Mbewe, za mphezi simunanene. Ena amati ukazimitsa paswichi ya pakhoma zakwana.

A Mbewe: Sizinakwane mayi. Mpata wa mkati mwa swichi ndi mamilimita ochepa, mphezi imalumpha. Pulagi ituluke m'soketi, ndipo waya wa dish kapena wa eriyo muuzulenso kuseri kwa decoder, chifukwa nthawi zambiri imalowera kumeneko. Chitani zimenezo mabingu akadali kutali, akafika pamutu musagwirenso mawaya.

Chisomo: A Kumwenda, batire yanga ili pa 12.4V panopa, ya gel 100Ah, chaja ndi ya ma amp 6. Ifika?

A Kumwenda: 12.4V ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Ikani pachaja usiku uno, maola 6 kapena 7 ikwana. Mawa muichotse, ipume ola limodzi, muyezenso. Ikaonetsa 12.7V kapena kuposa ili bwino. Ikatsika yokha kubwerera pa 12.4V osalumikizako kanthu, yayamba kufa, ndiye muiwerengere mababu awiri ndi mafoni basi.